Setifiketi ya imfa ku America: itengedwa ku ofesi iti, nanga za anthu akale tizisaka kuti?

Nachisale (woyang'anira gulu):
Moni nonse. Funso ili likumabwera kumbali pafupipafupi, makamaka pakagwa zovuta, ndiye ndati tilikambire pano kuti wofuna adzalipeze. Munthu akamwalira kuno ku America, setifiketi ya imfa imatengedwa kuti? Ena akuti ku county (dera laling'ono la m'kati mwa state, ngati maboma a kwathu), ena ku state (chigawo chachikulu chokhala ndi boma lakelake), ena akuti amapereka ndi a funeral home (kampani yokonza za maliro). Palinso ena amene akusaka za anthu omwe anamwalira zaka 80 kapena 100 zapitazo. A Mbewe, mayi Nankhoma ndi ena odziwa, tiunikireni.

Mbewe:
Zikomo mayi Nachisale. Onse atatuwo sakunama, kungoti aliyense akunena khomo limene iye analowera.

Boma lalikulu la ku Washington lilibe ofesi yoti munthu wamba angakapemphe setifiketi ya imfa. Ntchito imeneyi ndi ya state iliyonse payokha, ndipo state zambiri zimagawana ntchitoyo ndi ma county. Ma county alipo oposa 3,000. Texas yokha ili nawo 254, Indiana 92, Delaware atatu basi. Ndiye lamulo limene linakuthandizani ku Texas lingathe kukusocheretsani ku Maryland.

Chimene sichisintha paliponse ndi ichi: imfa imalembedwa kumene munthu wamwalirira, osati kumene amakhala. Munthu wa ku South Bend, mu St. Joseph County, akamutumiza ku chipatala chachikulu ku Indianapolis n'kukatsirizikira komweko, pepala lake lili ku Marion County. Akachita ngozi atangodutsa malire cha ku Niles, nkhani yonse yasamukira ku Michigan. Abale ambiri amataya sabata akugogoda ku county ya kwawo kwa malemu, n'kumayankhidwa kuti dzinalo mulibe, pamene pepala lili phee ku county ina.

Kayendedwe kake nkotere. A funeral home amadzaza mbali ya mbiri ya malemu pofunsa wachibale mmodzi. Dokotala, kapena coroner (mkulu wa boma wofufuza za imfa) ngati imfa inali yadzidzidzi, amadzaza mbali ya chimene chapha munthu. Masiku ano zonsezi zimachitika pa kompyuta. Mlembi wa boma wa deralo akalandira n'kuvomereza, pamenepo m'pamene makope okhala ndi chidindo amayamba kutuluka. A funeral home amangokuitanitsirani makopewo, koma mwini wake ndi boma.

Kamwendo:
Ndiye ku county'ko tikafunse ofesi iti? Mayina ake achuluka.

Mbewe:
Zimatengera state, achimwene. Ku Indiana ndi county health department. Ku Texas ndi ku Michigan ndi county clerk. Ku California ndi county recorder, ngakhale imfa zaposachedwa zimapezekanso ku ofesi ya zaumoyo ya county. Ku North Carolina ndi register of deeds. Njira yachidule ndi kutsegula tsamba la pa intaneti la CDC, bungwe la boma loona za matenda, lotchedwa Where to Write for Vital Records, kusankha state, kenako kuimbira foni county musananyamuke.

Nankhoma:
A Mbewe, ndiwonjezereko, chifukwa mawu oti county sagwira ntchito paliponse. Ku Massachusetts, Connecticut, Vermont ndi state zina za New England, amene amasunga ndi town clerk kapena city clerk. Connecticut inathetseratu maboma a county mu 1960. Ku Louisiana amati parish. Ku Virginia kuli mizinda yoima payokha imene sili mu county iliyonse, ngati Lynchburg, Richmond ndi Alexandria. Baltimore City ndi Baltimore County ndi zinthu ziwiri zosiyana, chimodzimodzinso St. Louis City ndi St. Louis County. Ndipo mzinda wa New York uli ndi kaundula wakewake. Mukalembera ku Albany kufuna za munthu amene anamwalirira ku Brooklyn, mwataya ndalama ndi nthawi.

Koma chimene ine ndikufuna kutsindika ndi cha wachibale wofunsidwa uja. Pepala likamadzazidwa, dzina lake limalembedwa pa malo otchedwa informant, ndipo chilichonse chimene iye wanena chimakhala choonadi cha boma. Nthawi zambiri pakati pathu amene amakhala pa desiki ya a funeral home ndi mnzake wa kumpingo kapena wokhala naye nyumba, ali ndi chisoni, tulo sanagone, ndipo dzina la amayi a malemu sakulidziwa. Zolakwika zimalowera pamenepo.

Musanavomere kuti atumize, pemphani kuona zimene alemba, pasipoti ya malemu ili m'manja. Yang'anani dzina chilembo ndi chilembo. Nkhoma amasanduka Nkoma, Mphande amasanduka Mpande, L ndi R zimasinthana, ndipo kachizindikiro ka mu Ng'oma kapena Ng'ombe makompyuta ena amakameza. Tsiku lobadwa nalo ndi msampha: kuno amayamba ndi mwezi, ndiye amene anabadwa pa 3 Epulo, ife tikalemba 03/04, iwo amawerenga 4 Malichi. Tchulani mweziwo ndi pakamwa. Pa dziko lobadwira, mlembi amasankha pa mndandanda, ndipo Malawi ali pafupi ndi Malaysia ndi Mali. Chala chikaterereka, m'bale wathu wa ku Ntcheu wasanduka wa ku Bamako.

Choopsa koposa ndi malo a banja. Ngati malemu anasiya mkazi kumudzi, ukwati wa ankhoswe kapena wa kutchalitchi, koma wofunsidwayo n'kunena kuti sanakwatirepo, mayi wamasiyeyo adzavutika pa inshuwalansi ndi pa penshoni, chifukwa pepala la boma likumukana.

Nachisale:
Nanga zikalakwika kale, zimakonzeka?

Nankhoma:
Zimakonzeka mayi, koma mwa thukuta. Pamakhala fomu yolumbira yosainidwa pamaso pa notary (munthu wololedwa ndi boma kuchitira umboni siginecha), ndi umboni wa chimene mukufuna kusintha: pasipoti, setifiketi yobadwira, setifiketi ya ukwati. M'state zambiri amene ali ndi mphamvu yopempha kusintha ndi informant yemwe uja, wachibale wapafupi kapena a funeral home. Kalembedwe ka dzina sikavuta kwenikweni. Koma kusintha za banja, makamaka ngati pali wina wotsutsa, kawirikawiri kumafuna chigamulo cha khoti. Mbali ya matenda wachibale sangaikhudze. Amene anasaina, dokotala kapena coroner, ndi yekhayo angaisinthe. Ndipo makope onse amene munagula kale amakhala opanda ntchito, mugulanso ena.

Kamwendo:
Makope angati ndi okwanira? Ndipo amagula aliyense?

Mbewe:
Werengani malo amene adzafune kope la chidindo. Banki iliyonse, kampani iliyonse ya inshuwalansi ya moyo, ndalama za penshoni za kuntchito monga 401(k), ofesi ya magalimoto ngati pali galimoto yosintha umwini, khoti la chuma cha masiye, ndi ofesi ya kazembe ngati thupi likupita kumudzi. Kenako onjezani awiri kapena atatu a ku Malawi. Kwa anthu ambiri zimafika pa 6 mpaka 10. Ena amabweza kope akaliona, ena sabweza, ndiye funsani musanapereke. Makampani a foni ndi magetsi fotokope imawakwanira.

Mtengo umasiyana, koma m'malo ambiri kope limodzi lili pakati pa madola 10 ndi 30. State zina zimatchipitsa makope owonjezera mukawaitanitsa limodzi ndi loyamba. Ku Texas loyamba ndi cha m'ma madola 20, otsatira madola atatu kapena anayi lililonse. Ndiye kugula limodzilimodzi miyezi yosiyana ndi kudzibera nokha.

Za amene angagule, pali state zotseguka ndi zotseka. Ku Ohio ndi ku Michigan aliyense angathe kugula setifiketi ya imfa. Ku Texas imakhala ya abale okha kwa zaka 25. Ku Florida aliyense angapeze yopanda chimene chinapha munthu, koma yosonyeza matenda ndi ya abale ndi ena ovomerezeka mpaka patatha zaka 50. Ku California amapereka mitundu iwiri: ya abale, ndi ina imene aliyense angagule koma yadindidwa mawu oti siyoti n'kuzindikiritsa munthu. Mukaitanitsa ya abale pa positi, mumatumiza ndi kalata yolumbira ya notary.

Apa pali vuto la kwathu. Ife timati mchimwene wanga ngakhale kwa mwana wa abambo aang'ono, ndipo amalume ndi mwini mbumba. Lamulo la kuno silidziwa zimenezo. Msuweni, mlamu kapena amalume angathe kukanizidwa ku state yotseka. N'chifukwa chake n'kwabwino kuitanitsa makope okwanira kudzera kwa a funeral home pa nthawi ya maliro yomweyo, khomo lisanatsekeke.

Tembo:
Nanga masamba a pa intaneti amene amati atumiza msanga? Ena akulipiritsa madola oposa 100.

Mbewe:
Chenjerani nawo. Ambiri a iwo si a boma. Amangokudzazirani fomu imene ili yaulere, n'kukulipiritsani, ndipo ndalama ya boma mulipirabe payokha. Lowerani pa tsamba la county kapena la state lenilenilo, ndipo tsatirani kampani imene iwo akulozerani. Ambiri amagwiritsa ntchito VitalChek, imene imawonjezera kandalama kake pamwamba.

Nankhoma:
Ndipo ngati muli pafupi, kupita nokha ku county kumaposa zonse. M'ma county ambiri mumatuluka nalo tsiku lomwelo, pamene ku state pa positi pangathe milungu ingapo. Tengani chiphaso chokhala ndi chithunzi ndi umboni wa ubale.

Tembo:
Palinso ma setifiketi amene pa matenda amangolemba kuti Pending. Kodi imeneyo ndi yogwira ntchito?

Nankhoma:
Ndi yogwira, koma osati paliponse. Zimachitika pamene coroner kapena medical examiner akudikira zotsatira za kupima magazi ndi ziwalo, zomwe zingatenge milungu ingapo, nthawi zina miyezi. Imatsimikiza kuti munthu anamwaliradi, ndiye maliro amayenda ndipo mabanki ambiri amailandira. Koma a inshuwalansi ya moyo, makamaka ya ngozi, amadikira yomaliza. Musagule makope khumi a Pending. Gulani awiri kapena atatu, otsalawo mudzagule chifukwa chikalembedwa. Lipoti la kupima thupi ndi pepala lina, limapemphedwa ku ofesi ya coroner, osati kwa mlembi wa county.

Gondwe:
Ndilankhulepo za mapepala opita kumudzi, popeza ambiri amakodwa apa. Setifiketi ya chidindo cha county ikafika ku Malawi, banki, khoti kapena ofesi ya Administrator General angathe kufunsa kuti chidindocho tichidziwa bwanji. Mankhwala ake ndi apostille, chikalata chotsimikizira maiko ena kuti chidindocho n'chenicheni. Malawi ali m'pangano la ku Hague la apostille kuyambira 1967, South Africa nayonso ilimo. Amene amadinda apostille, m'state zambiri, ndi Secretary of State wa state imene inatulutsa setifiketiyo, osati wa kumene inu mukukhala. Ya ku Indiana simungakaidinditse ku Illinois.

Malo ena pali sitepe yapakati. Ya mzinda wa New York imafuna kuti poitanitsa mupemphenso letter of exemplification (kalata yotsimikiza kuti kopelo ndi lenileni), kenako ikadutse kwa County Clerk wa ku Manhattan, ndiye ipite ku Department of State ya New York. Ku California, kope losainidwa ndi dokotala wa zaumoyo wa county lingafune kutsimikiziridwa kaye ndi county clerk, ndiye n'kwapafupi kungotenga la county recorder. Ngati dziko limene mukutumizako silili m'panganolo, njira imatalika: state, kenako Department of State ya ku Washington, kenako kazembe wa dzikolo. Ndipo musamate pepalalo ndi pulasitiki kapena kuchotsa mawaya amene alumikiza apostille, akatero amalikana.

Potumiza thupi, setifiketi payokha sikwanira. Pamafunikanso chilolezo chonyamulira thupi, kalata ya amene anakonza thupi, kalata ya zaumoyo yonena za matenda opatsirana, ndi pasipoti ya malemu. Uzani a funeral home tsiku loyamba kuti thupi likupita ku Lilongwe kapena ku Chileka, chifukwa si onse amene amaloledwa kutumiza pa ndege, ndipo funsani ku ofesi ya kazembe wathu ku Washington zimene akufuna panthawiyo.

Mbali inayo: nzika ya America ikamwalirira ku Malawi, palibe county imene idzakhale ndi pepala lake. Pamakhala setifiketi ya ku Malawi, ndi lipoti la kazembe wa America ku Lilongwe lotchedwa Consular Report of Death Abroad. Lipotilo ndi limene mabanki a kuno amalandira.

Nachisale:
Zikomo a Gondwe. Tsopano za akale. Aphunzitsi Chimombo, ndi gawo lanu ili.

Aphunzitsi Chimombo:
Zikomo mayi. Pa za akale funso loyamba si dzina ayi, koma chaka ndi malo. Chifukwa chake n'chakuti state iliyonse inayamba kulemba imfa pa nthawi yake, ndipo isanayambe, ntchitoyo inali ya county, ya mzinda, kapena panalibiretu wolemba.

Massachusetts inayamba kale, mu 1841. Indiana ma county anayamba mu 1882, state mu 1900. Illinois ma county anayamba cha mu 1877, state mu 1916. Ku Ohio, kuyambira 1867 mpaka kumapeto kwa 1908 imfa zinkalembedwa ku probate court (khoti la chuma cha masiye) ya county, ndiye mabuku a zaka zimenezo mukawafune kumeneko. Pennsylvania ma county analemba kuyambira 1893 mpaka 1905, state n'kutenga mu 1906. Kummwera anachedwa: Alabama 1908, North Carolina 1913, South Carolina 1915, Georgia 1919. Ndipo lamulo likakhazikitsidwa sikuti aliyense ankalitsatira pompo. M'midzi ya kutali munthu ankaikidwa kuseri kwa munda popanda wolemba, ngakhale zaka khumi lamulo litayamba. Dziko lonse linafika pa mlingo wovomerezeka wa kalembera wa imfa mu 1933.

Pali mipata ina yoti muidziwe, kuopa kusaka chimene kulibe. Tennessee inalemba 1908 mpaka 1912, chaka cha 1913 n'kudumpha, kuyambiranso 1914. Virginia inalemba m'ma county kuyambira 1853 mpaka 1896, n'kusiya, kudzayambiranso mu Juni 1912. Taonani pamene mpatawo wagwera: John Chilembwe anapita ku America mu 1897, anaphunzira ku Virginia Theological Seminary and College ku Lynchburg, n'kubwerera mu 1900. Wofufuza za anthu amene anamulandira kumeneko, ngati anamwalira m'zaka za mpatawo, sadzapeza kanthu mu kaundula wa state. Akuyenera kutembenukira ku mabuku a mzinda, a mpingo, a manda, ndi a oika maliro. Ku Lynchburg kuli mabuku a kampani ya Diuguid oyambira m'zaka za m'ma 1800, amene ofufuza amawadalira kwambiri.

Tembo:
Aphunzitsi, tipatseni chitsanzo chimodzi kuyambira poyamba mpaka pomaliza.

Aphunzitsi Chimombo:
Titenge mayi Emma DeLaney, mmishonale wachikuda amene anagwira ntchito ndi Chilembwe ku PIM, ku Mbombwe m'boma la Chiradzulu, yemwe Daniel Malekebu anamutsatira ku America ali mnyamata. Mabuku a mbiri amati anamwalira mu 1922 kwawo ku Fernandina, ku Florida.

Poyamba pezani county. Fernandina ili mu Nassau County. Apa pomwe pali dzenje, chifukwa ku New York kulinso Nassau County, ndipo pa intaneti imeneyo ndi imene imatulukira pamwamba. Mayina a ma county amabwerezedwa kwambiri. Washington County ilipo m'state pafupifupi 30. Nthawi zonse lembani county pamodzi ndi state.

Kachiwiri, funsani ngati chaka chimenecho state inali itayamba kulemba. Mu 1922 Florida inali itayamba, ndiye setifiketi iyenera kufunidwa ku ofesi ya state ya Vital Statistics ku Jacksonville. Zaka 50 zinadutsa kale, choncho ngakhale chimene chinawapha n'chololedwa kuonedwa ndi aliyense.

Kachitatu, musanalipire, sakani pa FamilySearch, tsamba la pa intaneti lofufuzira mbiri ya mabanja, pamene ndi paulere mukangolembetsa. Yesani kalembedwe konse: DeLaney, Delaney, Delany, De Laney. Mlembi ankalemba zimene wamva, ndipo amene anakopera mu kompyuta ankawerenga zolemba pamanja zosaoneka bwino, ndiye zolakwika ndi ziwiri zosanjikizana. Dzina likakana, sakani ndi dzina loyamba, chaka ndi county basi.

Kachinayi, mukapeza nambala ya setifiketi mu mndandanda, ilembeni pa fomu yopempha. Popanda nambala kapena chaka cholondola, ofesi imasaka zaka zochepa zokha, ikalephera imakutumizirani kalata yoti sanapeze, ndipo ndalama sibwerera.

Nankhoma:
Ndigwirizane ndi aphunzitsi pa FamilySearch, koma ndiwonjezere chimene ambiri sadziwa. Bokosi losakira dzina limangoona mabuku amene wina anawakopera kale. Zithunzi zambirimbiri za mabuku a ma county sizinakoperedwe. Pitani pa Catalog, lembani state ndi county, tsegulani vital records, probate records ndi cemeteries. Mukaona kachithunzi ka kamera, mungathe kutsegula bukulo tsamba ndi tsamba. Mukaona kamera yokhala ndi kiyi, liyenera kuonedwera ku FamilySearch Center kapena ku laibulale yogwirizana nawo.

Ndipo kummwera, m'ma county ambiri anthu akuda ankalembedwa m'buku lawolawo kapena kumapeto kwa buku, pansi pa mawu oti Colored. Mukathera pa masamba oyamba n'kunena kuti mulibe, mwasiya theka la buku. M'mabuku a Virginia a 1853 mpaka 1865, kapolo akamwalira ankalembedwa ndi dzina limodzi, pambali pake dzina la mwini wake. Kuwerenga masamba amenewo kumawawa, koma kwa mabanja ambiri ndi pokhapo pamene dzina la kholo lawo linalembedwapo.

Aphunzitsi Chimombo:
Zoona mayi. Ndipo kwa munthu wobadwira kwathu kumudzi, musasake ndi mawu oti Malawi ngati anamwalira chisanafike chaka cha 1964. Pa malo obadwira mupeza Nyasaland, kapena British Central Africa, dzina limene linagwira ntchito mpaka 1907. Kawirikawiri amangolemba Africa, mwinanso South Africa, popeza mlembi wa ku county ankadziwa imeneyo yokha.

China ndi malire. County imene ilipo lero mwina kunalibe panthawiyo, ndipo mabuku amatsala ku county yakale. Bronx County inapangidwa mu 1914 kuchokera ku New York County. Ku Georgia, Milton ndi Campbell zinamezedwa ndi Fulton mu 1932. Laibulale ya Newberry ya ku Chicago ili ndi mapu aulere pa intaneti, Atlas of Historical County Boundaries: mumasankha state ndi tsiku, n'kuona malire mmene analili tsikulo.

Kamwendo:
Nanga mabuku atapsa? Ndamva kuti ku Chicago zonse zinapsa.

Aphunzitsi Chimombo:
Za Cook County zinapsa ndi moto wa 1871, ndiye za m'mbuyo mwa chaka chimenecho musavutike kulembera county clerk. Nyumba za makhoti zambiri, makamaka kummwera, zinapsanso pa nkhondo yapachiweniweni ndi pa ngozi zina. Koma imfa imasiya mapazi m'malo ambiri.

Pa kalembera wa anthu wa 1850, 1860, 1870 ndi 1880 panali mndandanda wapadera wa anthu amene anamwalira m'miyezi 12 kalembera asanachitike, otchedwa mortality schedule. Muli dzina, zaka, mwezi ndi matenda. Kuipa kwake n'kwakuti umangogwira chaka chimodzi pa zaka khumi zilizonse. Kenako pali mafayilo a chuma cha masiye ku probate court, amene nthawi zambiri amaposa setifiketi chifukwa amatchula ana onse ndi kumene akukhala. Pali mabuku a coroner a imfa zadzidzidzi, mabuku a mpingo, mabuku a manda osonyeza amene anagula malowo, ndi manyuzipepala. Chronicling America, tsamba la manyuzipepala akale la Library of Congress, ndi laulere. Kwa anthu akuda yang'anani manyuzipepala awo monga Chicago Defender ndi Pittsburgh Courier, chifukwa nyuzipepala ya azungu ya m'tauniyo nthawi zambiri sinkalengeza maliro awo.

Tembo:
Find a Grave, tsamba la pa intaneti la mayina ndi zithunzi za manda, ndi yodalirika? Ine ndimaona ngati ili ndi zonse.

Nankhoma:
Ndi poyambira pabwino achimwene, koma si umboni. Amalemba ndi anthu ongodzipereka. Chithunzi cha mwala wa pamanda chikhulupirireni pang'ono. Mbiri yolembedwa pansi pake popanda pepala musaimeze. Mwalawo nawonso umanama, makamaka umene unaikidwa patapita zaka ndi adzukulu ongokumbukira.

Mbewe:
Pa za m'ma 1960 kubwera kuno, pali Social Security Death Index, mndandanda wa omwalira amene anali ndi nambala ya boma ya Social Security. Mayina ambiri ndi a kuyambira 1962. Imapereka tsiku lobadwa, mwezi womwalira, ndi dera limene munthu ankakhala pomaliza, osati kumene anamwalirira, ndiye musaitenge ngati yakuuzani county. Imfa za posachedwa simuzipezamo kwenikweni chifukwa malamulo anakhwimitsidwa pambuyo pa 2011. Chokoma chake n'chakuti ikakupatsani munthuyo mungathe kupempha fomu yake ya SS-5, imene anadzaza yekha popempha nambala. Mmenemo mayina a makolo ndi malo obadwira ananena ndi mwini wake ali moyo, osati mnansi wa pa maliro.

Aphunzitsi Chimombo:
Mfundo ya a Mbewe ndi yofunika powerenga setifiketi yakale iliyonse. Tsiku lomwalira, malo ndi manda ndi zodalirika, chifukwa olemba analipo. Tsiku lobadwa ndi mayina a makolo n'zongomva. Yang'anani amene anafunsidwa: ngati ndi mkazi wake kapena mchemwali wake, mwina n'zoona; ngati alemba kuti hospital records, kapena pa makolo pali unknown, musamange nyumba pamenepo.

Matenda akale alinso ndi mayina awo. Consumption kapena phthisis ndi chifuwa chachikulu. Dropsy ndi kutupa thupi, kawirikawiri chifukwa cha mtima kapena impso. Apoplexy ndi sitiroko. La grippe ndi chimfine choopsa, ndipo mu 1918 mupeza masamba athunthu a influenza ndi chibayo. Kanambala kolembedwa ndi pensulo pambali pa matenda si kolakwitsa; ndi nambala ya mndandanda wa matenda wa padziko lonse, imene lero timati ICD. Dokotala akalemba mokhotakhota, nambalayo ingakuuzeni matendawo, bola mugwiritse mndandanda wa zaka zimenezo, popeza manambala ankasintha.

Gondwe:
Ndi state ziti zimene zinaika zithunzi za ma setifiketi pa intaneti kwaulere?

Aphunzitsi Chimombo:
Missouri State Archives ili ndi oyambira 1910 amene adutsa zaka 50, ndipo chaka chilichonse amawonjezera. West Virginia ndi Arizona nazonso zinaika. Michigan ili ndi tsamba la Michiganology. Mzinda wa New York unaika mabuku ake akale pa intaneti mu 2022 kudzera ku Municipal Archives. Panthawiyo imfa mpaka 1948 zinali kumeneko, za 1949 kubwera kuno zinali ku dipatimenti ya zaumoyo ya mzindawo. Za Pennsylvania zimatseguka patatha zaka 50, ndipo ku Illinois kope la ofufuza mbiri limaperekedwa patatha zaka 20. Makope otere ndi owerenga chabe, khoti kapena banki sangawalandire.

Nachisale:
Wina wafunsa kumbali kuti ngati munthu anamwalirira ku chipatala cha amisala cha boma kalekale, asake ku county ya kwawo kapena ya chipatala?

Nankhoma:
Ya chipatala, mayi. Zipatala za amisala, za chifuwa chachikulu, za asilikali akale ndi ndende zinkalandira anthu a state yonse, ndipo imfa inkalembedwa pamene nyumbayo ili. Munthu wa ku Atlanta wotumizidwa ku chipatala cha boma ku Milledgeville, pepala lake likunena Baldwin County. Ndiye munthu akasowa m'mabuku a kwawo, sakani mu mndandanda wa state yonse osaika county. Koma lamulo lomutumiza kuchipatalako linkaperekedwa ndi khoti la county ya kwawo, ndiye fayilo imeneyo, ngati ilipo ndipo ndi yotseguka, mukaifunse kumeneko, mutatenga dzina lonse ndi chaka chimene anatengedwa.